Giya Yachiwiri ya a Bassou

Ku Boumia anthu ankadziwa kuti takisi ya a Bassou yanyamuka ngakhale asanaione. Giya yoyamba inkalowa bwinobwino, Benzi yakale ija n'kusuntha pa siteji ya magalimoto opita ku Tounfite, koma ikafika pokhota pafupi ndi ogulitsa buledi pankamveka kukukuta kwa zitsulo kolasa mpaka m'mano. Imeneyo inali giya yachiwiri. Amuna a m'matiyirumu ankasiya makapu ali m'malere n'kuyang'anana, ndipo Mbarek, woitanira anthu pa sitejipo, anali atayamba kale kuitchula galimotoyo kuti chigayo.

Miyezi isanu inatha zili choncho. A Bassou ankati vuto ndi oyilo wa m'giyabokosi, watha mphamvu. Tauni yonse inkati chomwe chatha mphamvu ndi dzanja la mwini galimoto. Mwana wawo Lahbib, bambo wa ana awiri amene ankagwira ntchito kumafiriji osungira maapozi, anali atapempha kale makiyi, mwaulemu ndithu, ataima pakhomo maso ali pansi. Chiyambireni tsiku limenelo bambo ndi mwana ankadya m'mbale imodzi osayankhulana, kupatula popemphana mchere. Nkhani inali imodzi basi: kaya a Bassou apitiriza kugwira chiwongolero, kapena akakhala pakhonde ngati anzawo a msinkhu wawo, kumaingitsa ntchentche.

Munthuyu anabadwira kumapiri kuseri kwa Tounfite, m'banja loweta nkhosa, ndipo akanakalambira kumbuyo kwa nkhosa zomwezo pakanapanda lole ya matabwa imene inatitimira m'matope pafupi ndi msasa wawo chaka china cha mvula yambiri. Anakumba pansi pa matayala tsiku lonse, ndipo itatuluka loleyo, mwini wake, a Kaddour a ku Meknes, anawafunsa ngati akufuna kukakumbako matope a madera ena. Anakwera tsiku lomwelo ndi mkanjo umene unali m'thupi. Zaka zisanu ndi zinayi anakhala akupaka girizi, kumanga katundu ndi kugona pansi pa lole, ndipo zonse zimene ankadziwa za galimoto anazitola kwa a Kaddour, munthu amene sankafotokoza chinthu kawiri komanso sanayamikepo munthu ndi kamodzi komwe. Atapeza laisensi analowa takisi, poyamba ya munthu wina, kenako yawoyawo. Msewu wa ku Tounfite anauyenda zaka makumi atatu ndi zinayi, m'fumbi la chilimwe ndi m'chipale cha miyezi yozizira, anthu asanu ndi mmodzi ulendo uliwonse, awiri kutsogolo, anayi kumbuyo, nkhuku ndi matumba a balere m'buti.

Anali ndi malamulo awo. Wailesi sankatsegula, ati imaphimba mawu a injini. Chotsegulira mawindo chinali chimodzi chokha ndipo chinkakhala m'thumba mwawo, wofuna mphepo apemphe. Mkazi woyenda yekha ankamukhazika kuwindo lakumbuyo n'kusankha okha woti akhale naye pafupi. Sanagundepo ngakhale mbuzi, ndipo mfundo imeneyi ankainena kawirikawiri kuposa mmene anthu ankaifunsira. Sanali munthu wokoma kucheza naye, tisanamizane, koma amayi a ku Boumia ankalolera kudikira ola lathunthu kuti akwere galimoto yawo.

Vuto la dzanja linayamba nthawi yothyola maapozi. Kuseri kwa nyumba kuli mitengo makumi awiri, ndipo mkulu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri anakaniza Lahbib kukwera makwerero, ati amathyola ndi nthambi zomwe. Makwerero anaterereka, iwo n'kugwera phewa lamanja. Fupa silinathyoke. Dokotala wa ku Midelt anawauza kuti apumule miyezi iwiri, iwo anapumula masiku asanu ndi anayi. Kuchokera pamenepo zala ziwiri zinkachita dzanzi, ndipo akati akokere chinthu kumbuyo ululu unkawalasa kuchokera m'khosi mpaka m'chigongono. Giya yachiwiri imakokedwa kumbuyo, zimenezo ankazidziwa ngati wina aliyense. Koma yachinayi nayonso imakokedwa kumbuyo ndipo sinkalira, ndiye iwo anagwira pomwepo osatayanso. Zoti yachinayi imangotsika molunjika, pomwe yachiwiri imafuna uyambe waikokera kwa iwe mwini, sankazitchula.

Chimene chinaopsa banja chinachitika pa chitunda chachitali cha pakati pa njira, pokhota pamene galimoto yodzaza imafuna yachiwiri msangamsanga. Tsiku lina la msika a Bassou anaiphonya. Anaponda kilatchi, kukoka, chigayo n'kulira, giya osalowa. Galimoto inaima, kenako n'kuyamba kubwerera chambuyo pang'onopang'ono kulunjika kuphompho. Anaigwira ndi buleki isanathe mamita awiri. Palibe anavulala, anangosweka mazira a mayi wina, koma mayiyo anatsika n'kumaliza ulendo wapansi, ndipo pofika madzulo nkhani inali itafika ku Boumia mamita ali makumi awiri. Lahbib anapempha makiyi patatha milungu itatu.

A Bassou anazitenga moipa. M'tiyirumu ankauza aliyense wowapatsa khutu kuti ana a masiku ano amayamba kugawana zovala mwini wake akupuma. Ankati mwanayo watopa kunyamula mabokosi ndipo waona kuti chiwongolero n'chopepuka. Anzawo ankangoti ndi momwemo, chifukwa kutsutsa a Bassou kunkatha tiyi atazizira.

Lachinayi lina anthu atatu anakana kukwera pamaso pawo, ati adikira yotsatira. Mbarek, amene ndi msinkhu wa Lahbib ndipo pakamwa pake palibe buleki, anatsamira pawindo n'kuwatchula Ammi, monga achinyamata a kuno amaitanira abambo achikulire.

"Ammi Bassou, lero mukupera tirigu kapena balere? Ndiwauze anthu abwere ndi matumba."

"Ukanakhala ndi galimoto, iwe, ukanadziwa kuti chitsulo nacho chimamva ludzu. Koma chuma chako chonse ndi pakamwa."

"Pakamwa panga pamalowa giya zonse zinayi, ammi."

Anthu anaseka. A Bassou nawo anatulutsa mano pang'ono kuti asaoneke okwiya, koma mumtima munawapweteka kwambiri, chifukwa mmodzi mwa atatu okana aja anali mkazi amene anamunyamula m'galimoto yomweyo kupita naye kuchipatala atayamba matenda a mwana wake woyamba. Madzulo amenewo anagula mabotolo awiri a oyilo wofiira amene galimoto zimenezi zimamwa m'giyabokosi, pamodzi ndi kapaipi kofewa, n'kulengeza pa siteji kuti Loweruka aliyense adzatsuke makutu.

Lachisanu, atachoka ku mzikiti, banja linazungulira mbale ya kusikusi, chakudya cha timibulu ta ufa wa tirigu, monga mwa masiku onse, ndipo a Bassou anauza khoma kuti masana amenewo asintha oyilo wa m'giyabokosi. Lahbib anaimitsa supuni, n'kuyang'ana mayi ake, a Itto. A Itto anali kuchotsa nyama pafupa ngati sanamve. Kenako Lahbib ananena chapansipansi kuti bambo adikire, akaweruka adzawathandiza. Bambo anayankha kuti anayamba kugona pansi pa galimoto iye asanabadwe, ndipo mwanayo anasamba m'manja n'kubwerera kumafiriji.

Nthawiyo a Bassou anaisankha dala. Kuno munthu ukangotsegula boneti amuna amatuluka ngati nyerere, aliyense ndi nzeru zake, ngakhale amene sanakhalepo ndi njinga yomwe. Koma Lachisanu akakhuta kusikusi onse amagona ngati ophedwa mpaka kuitana kwa swala yamasana, ndipo a Bassou sankafuna mboni mpaka ntchito itatheka. Anayamba aiyendetsa galimoto kukafika kumalo omwetsera mafuta n'kubwerera, kuti oyilo afunde atuluke yense. Yachiwiri inalira kawiri popita, kamodzi pobwera, ndipo iwo anaiuza kuti ilire komaliza.

Wokhala ndi munda ku Boumia safuna dzenje la kugalaja. Kuseri kwa nyumba kumadutsa ngalande yothirira, yakuya kufika m'chiuno, ndipo madzi amayenda mosinthana: tsiku limenelo anali kwa anthu akumtunda mpaka dzuwa litapendeka. Pali malo amodzi pamene m'mbali monse muli simenti yosalala, ndipo a Bassou anaimika Benzi pamenepo, matayala awiri tsidya lino, awiri tsidya linalo, ngalande ikudutsa pansi pa mimba. Anatsika n'kuiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo ngati yakhala mowongoka, chifukwa giyabokosi imadzazidwa kufika pakamwa pa bowo, ndipo galimoto yopendama imakunamiza. Anaika miyala kumatayala. A Itto anabweretsa beseni lakale la malata ndi chikatoni choyala pansi, n'kuwachenjeza kuti dontho limodzi likagwera m'ngalande aneba akumunsi adzabwera ndi anyezi wawo wakufa m'manja. Kenako anakhala pa bokosi la maapozi lovundikira, mbale ya mphodza pamiyendo, n'kuyamba kusankha timiyala.

A Bassou anavula mkanjo n'kutsikira m'ngalande. Mmenemo munkanunkha matope ouma ndi dizilo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri mtima wawo unakhala m'malo. Ntchito imeneyi ankaidziwa. Giyabokosi ili ndi mabawuti awiri, yothirira m'mbali ndi yokhetsera pansi, ndipo lamulo la a Kaddour linali loti uyambe wamasula yam'mbali. Wopusa amathamangira yapansi, oyilo yense n'kutayika, kenako n'kupeza kuti yam'mbali yauma ndi dzimbiri, galimoto n'kukhala pomwepo sabata yathunthu ngati khola la nkhuku. Anapukuta fumbi ndi sanza, n'kulowetsa sipanala.

Apa m'pamene ankaopa, ngakhale sakanavomera. Bawuti imeneyo anaimasula komaliza zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, phewa lili lamoyo, ndipo ngakhale nthawi imeneyo inafuna paipi yowonjezera mphamvu. Anatchula dzina la Mulungu, n'kugwira ndi dzanja lamanja dala, n'kukoka. Bawuti inatembenuka nthawi yomweyo, mofewa.

Anaseka yekhayekha pansi pa galimoto. Anauza a Itto kuti akaitane Mbarek adzaone dzanja lakufa lija mmene likumasulira chitsulo cha zaka zisanu ndi ziwiri. A Itto anangotaya kamwala m'udzu.

Yapansi nayo sinavute. Anasendeza beseni, n'kumaliza kuimasula ndi zala, akuikankhira m'mwamba mpaka ulusi womaliza wa bawutiyo kuti oyilo asawatsikire m'mkono. Ankadziwa chimene chituluke: madzi akuda bii, onunkha chopserera, okhala ndi tizitsulo tonyezimira, ndipo anali atakonza kale zothira ena m'kabotolo kuti akaike patebulo m'tiyirumu. Anachotsa bawuti.

Oyilo anatsika wofiira psuu, woyera moti kuwala kolowera m'mbali mwa tayala kunkadutsa mkati mwake. A Bassou anaika chala, n'kutikita, n'kununkhiza. Anatembenuza bawuti ija kuti aone kumutu kwake, kumene tinyenyeswa ta zitsulo timakakamira, ndipo kunali kopukutidwa mbee. Kawashala kake kanali katsopano, kakuwala. Munthu amene wagona pansi pa magalimoto zaka zoposa makumi anayi safuna womasulira. Oyilo ameneyo sanathe mwezi ndi theka m'giyabokosi.

Anayang'ana mtsinje wofiira uja mpaka unasanduka madontho.

"Itto."

"Ndikumva."

"Wagwira galimoto yanga ndani?"

"M'nyumba muno muli amuna angati?"

A Itto sanasiye mphodza zawo. Anafotokoza ngati munthu wonena mtengo wa tomato. Linali tsiku la maliro a msuweni wa a Bassou ku Itzer, patangotha masiku anayi chichitikireni za pachitunda zija, pamene amuna onse a banja, kupatula Lahbib, anapita pa basi imodzi, Benzi n'kutsala pakhomo. Lahbib anapempha tchuthi kumafiriji. Anaimika galimoto pa ngalande yomweyi, beseni lomweli. Bawuti yam'mbali analimbana nayo mpaka kusupuka zala. Atasintha oyilo anayang'ana kilatchi, n'kusinthanso timphira ta pansi pa ndodo ya giya, titatu, tomwe anakatenga ku Midelt. Kenako anapakira mabokosi a maapozi ndi matumba awiri a simenti kuti kulemera kufanane ndi anthu asanu ndi mmodzi, n'kuwakhazika mayi ake kutsogolo kuti akhale mboni. Chitunda chija anakwera katatu.

"Inalira?"

"Ulendo wachitatu ine ndinkawodzera."

A Bassou anatsala ndi pothawira pamodzi. Anati mwanayo ayenera kuti anathira oyilo wolakwika, wa m'malole, wolemera. A Itto anaika mbale pansi, n'kupita kunyumba osafulumira, n'kubwera ndi botolo lopanda kanthu limene linali kuseri kwa thumba la ufa. Analitsitsira m'ngalande. Linali lofanana ndendende ndi awiri aja amene anali chilili m'mbali mwa tayala, osatsegula.

"Bwanji sanandiuze?"

"Akuuzeni kuti chiyani? Ankafuna mubwere madzulo munene nokha kuti galimoto yachira. Anakudikirani pageti, nsapato za kuntchito zili kuphazi. Inu munalowa mukutukwana oyilo. Anati mwina oyiloyo sanalowerere, tidikire. Anadikira milungu iwiri ina, tsiku lililonse akumvetsera pokhota pa buledi paja."

"Ndiye iwe dzulo unangondiyang'ana ndikulowa ndi mabotolo."

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikukuuzani zinthu, ndi chiti munamva? Ndinati akaone yekha. Inu mumakhulupirira maso anu okha, mwamuna wanga."

Anatola mbale yawo n'kubwerera kunyumba, ndipo anachita bwino, chifukwa pali nkhope zina zimene mkazi sayenera kuona ngakhale patatha zaka makumi anayi.

A Bassou anakhala pa chikatoni, msana atatsamira simenti, mutu pafupi ndi mimba ya galimoto yomwe inkatulutsabe kafungo kofunda. Anachita manyazi, manyazi enieni otentha m'makutu. Anakumbukira mawu onse amene ananena m'tiyirumu, ndi anthu amene anawamva, ndi mwana wawo akudya mwakachetechete tsidya lina la mbale, zala zili ndi mabala amene iwo ankati ndi a mabokosi. Pansi pa manyaziwo panali china cholemera kuposa. Miyezi isanu anakhala ndi mdani woti n'kumugwira ndi sipanala, ndipo mdaniyo anali m'beseni, woyera, wopanda mlandu. Anatambasula dzanja lamanja n'kuyesa kufumbata. Zala zitatu zinafika, ziwiri zinatsalira panjira monga zinkachitira m'mawa uliwonse pamene iwo ankayang'ana kumbali.

Kuitana kwa swala kunamveka, ndipo anadziwa kuti posachedwa amuna ayamba kudzuka. Galimoto sangaisiye yopanda oyilo pa ngalande ya anthu. Anayang'ana mabotolo atsopano aja, n'kuyang'ana beseni. Kutaya oyilo wabwino ndi tchimo limene a Kaddour akanadzuka nalo m'manda. Anakwera n'kukatenga kansalu koyera pa chingwe cha zovala, n'kusefera oyilo wa m'beseni m'botolo lopanda kanthu lija, pang'onopang'ono, osataya dontho. Anabwezera bawuti yapansi n'kuimanga. Analumikiza kapaipi kukamwa kwa botolo, mbali ina n'kulowetsa m'bowo lam'mbali.

Kuthira oyilo m'giyabokosi kumafuna kufinya, chifukwa bowo lili m'mwamba ndipo malo okwezera botolo palibe. Anafinya ndi lamanja. Oyilo anakwera m'kapaipi kufika pakati, n'kuima, n'kubwerera. Anayesanso, mano ali gwa, ululu ukuyenda kuchokera m'khosi, ndipo oyilo anafika pomwe paja n'kubwereranso. Panalibe womuimba mlandu, botolo linali lofewa ngati la madzi akumwa. Anasintha manja. Lamanzere linafinya, lamanja n'kumangogwirizira kapaipi kuti kasatuluke, ntchito yomwe mwana wa zaka zisanu angaithe. Anadzaza botolo kachiwiri ndi wotsala m'beseni, n'kufinyanso, mpaka oyilo anayamba kusefukira pakamwa pa bowo, chizindikiro choti yakhuta. Anadikira madontho achepe, n'kumanga bawuti, n'kupukuta paliponse.

Akutolera zida anaona nsapato m'mbali mwa ngalande. Lahbib anali ataweruka msanga, ndipo anaima pamenepo akuyang'ana mabotolo awiri osatsegula aja ndi botolo lake lomwe lili m'beseni. Anawerama n'kutambasula dzanja, ndipo bambo ake anamupatsa lamanzere. Kumtunda kunkamveka kale madzi akubwera, akukankha masamba ouma.

"Bawuti yapansi unaimanga mopitirira," a Bassou anatero akudzikung'untha fumbi. "Si chitseko cha ndende. Ukadula ulusi udzalira."

"Ndamva, Baba."

"Washala unachita bwino kusintha."

Lahbib anayang'ana kumbali msanga. M'zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi sanamvepo mawu otere kuchokera pakamwa pamenepo, ndipo sanadziwe powaika. A Bassou anasamba m'manja ndi sopo wochapira, n'kuswali pakhonde mochedwa, n'kuvala mkanjo. Atabwerera anapeza mwana wachotsa miyala kumatayala ndipo waima kumbali, akudikira kuti bambo atulutse galimoto pa ngalande. Iwo anazungulira kutsogolo kwa boneti, n'kutsegula chitseko cha okwera.

"Makiyi ali momwemo. Tiye ku chitunda."

Mpando umenewo anali asanaukhalepo chigulireni galimotoyo. Atangokhala anadzuka pang'ono, n'kupapasa pansi pa nsalu. Panali sipuling'i yotuluka, yolasa pamalo oipa.

"Anthu akhala akukhalira chimenechi?"

"Zaka khumi, Baba."

"Osanena?"

"Ankanena."

Anadutsa pa siteji dzuwa likufiira. Mbarek anali pa mpando wake, ndipo ataona amene ali pa chiwongolero ndi amene ali pambali anatsegula pakamwa, kenako n'kutseka, n'kuika dzanja pachifuwa. Pokhota pa ogulitsa buledi Lahbib anakoka yachiwiri, ndipo m'matiyirumu munalibe amene anadzutsa mutu.

Analowa msewu wa ku Tounfite. A Bassou anaona zinthu zimene dalaivala saona: nyumba yatsopano kuseri kwa mitengo ya popula, manda amene akula kufika pafupi ndi msewu, kuya kwenikweni kwa phompho likakhala kumbali yako. Phazi lawo lamanzere linkaponda pansi lokha pokhota paliponse. Atafika pa chitunda chachitali injini inayamba kulemedwa, ndipo iwo anatsinzina kuti makutu okha agwire ntchito. Anamva kilatchi ikutsika, anamva ndodo ikuyenda, anamva injini ikukweza mawu n'kuyamba kukoka. Pakati pa zimenezi panalibe phokoso lina lililonse. Galimoto inali bwinobwino, ndipo ngakhale zinawawa, mbali ina ya mtima wawo inanyadira kuti Benzi ya zaka zonsezo ikulowabe giya chonchi.

Pamwamba pali malo otembenukira. Lahbib anaima, n'kukoka buleki yamanja, n'kutsegula chitseko chake kuti asinthane, poti kubwerera n'kotsetsereka ndipo msewu unali wopanda anthu.

"Tseka chitseko, kukuzizira," a Bassou anatero. "Mawa ukafike pa siteji kusanayere bwino, Mbarek asakuike kumapeto. Pokhota apa uziilowetsa usanafike pa mwala woyerawo, osadikira injini ikupemphe. Kumafiriji ukatsanzike bwino, usangosowa ngati wakuba."

Lahbib anatseka chitseko. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, akuyang'ana kutsogolo.

"Nanga inu mawa mukhala kuti, Baba?"

A Bassou anayang'ana msewu wotsikira ku Boumia, umene ankaudziwa dzenje lililonse. Anafunafuna yankho moona mtima, chifukwa mwanayo anafunsa moona mtima.

"Sindikudziwa," anatero. "Yendetsa."